Khungu, chipembedzo ndi ufulu ku New Netherland: mafunso ndi mayankho

Mzinda wa New York usanatchedwe dzina limeneli unali kamudzi ka Adatchi kotchedwa New Amsterdam, pa chilumba cha Manhattan. Anthu akamva zimenezi mafunso amabwera okha: munkakhala ndani, anthu akuda anafikamo bwanji, nanga eni nthaka anathera kuti? Tasonkhanitsa pano mafunso amene amabwerabwera, kuyambira apafupi mpaka ofunika kukhalira pansi. Pamene yankho latsamira pa linzake, tangokulozerani komweko.

New Netherland inali kuti, ndipo inakhalako liti?

Linali dera limene Adatchi ankati ndi lawo kugombe la kum'mawa kwa North America, kuchokera ku mtsinje wa Delaware mpaka ku mtsinje wa Connecticut, msana wake uli mtsinje wa Hudson. Lero malowa ali m'zigawo za New York, New Jersey, Delaware ndi Connecticut. Henry Hudson, Mngelezi wolembedwa ntchito ndi kampani ya Adatchi, anakwera mtsinjewo mu 1609 pa chombo chotchedwa Halve Maen. Mu 1621 boma la Netherlands linakhazikitsa kampani ya West India Company, mabanja oyamba n'kufika mu 1624. Angelezi analanda derali mu Seputembala 1664.

Mwini dera anali kampani, osati mfumu kapena mpingo. Chimene kampani inatsata kumeneko ndi zikopa za kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver, zimene ku Ulaya ankapangira zipewa zodula. Zambiri zimene muwerenge m'munsimu, zokoma ndi zowawa zomwe, gwero lake ndi mabuku owerengera phindu.

Kodi anthu onse a kumeneko anali Adatchi?

Ayi, ndipo sizinayambe zakhalapo choncho. Mabanja pafupifupi 30 amene anafika mu 1624 ambiri anali Awaluni, Apulotesitanti olankhula Chifalansa ochokera kumene lero kuli Belgium. Nthawi imeneyo ku Netherlands malonda ankayenda bwino, ndiye Mdatchi wodya bwino kwawo analibe chomuthamangitsira kutchire lakutali. Kampani inkangotenga aliyense wovomera: Ajeremani, anthu a ku Norway, Denmark ndi Sweden, Afalansa, Angelezi othawa nkhanza za atsogoleri a mipingo ku New England. Akatswiri amene anafufuza mabuku a maukwati amati pafupifupi theka la azungu a m'derali sanabadwire ku Netherlands.

Wansembe wa Chikatolika, Isaac Jogues, atadutsa mu New Amsterdam mu 1643, analemba kuti bwanamkubwa anamuuza kuti m'kamudzi ka amuna 400 kapena 500 munkamveka zilankhulo 18. Ngakhale Peter Minuit, amene dzina lake limamveka pa nkhani yogula Manhattan, anabadwira ku Wesel, m'dziko la Germany, m'banja la Awaluni.

N'zoona kuti mlendo woyamba kukhala pa Manhattan anali munthu wakuda?

Malinga ndi zolembedwa zimene zilipo, inde. Dzina lake ndi Juan Rodriguez, amene Adatchi ankamulemba kuti Jan Rodrigues. Anabadwira ku Santo Domingo, mayi ake a ku Africa, bambo ake Mpwitikizi, ndipo anali mfulu. Anafika mu 1613 pa chombo cha Thijs Mossel. Nthawi yobwerera ku Ulaya itakwana, iye anakana kukwera. Malipiro ake anamupatsa m'katundu: nkhwangwa zing'onozing'ono 80, mipeni, mfuti ndi lupanga. Anatsala yekha pakati pa eni nthaka nyengo yonse yozizira, akuchita nawo malonda.

Mbiri yake tikuidziwa chifukwa cha mkangano. Mossel atabweranso mu 1614 anapeza Rodriguez akugwirira ntchito kaputeni wina wopikisana naye, ndewu inabuka, ndipo amalinyero anakapereka umboni ku Amsterdam. Mu 2012 mzinda wa New York unatcha chigawo china cha msewu wa Broadway dzina lake.

Adatchi ankasiyanitsa anthu ndi chiyani: khungu kapena chipembedzo?

Funso limeneli ndilo phata la nkhani yonse. M'zikalata za nthawiyo azungu kawirikawiri sadzitcha oyera. Amadzitcha Akhristu. Eni nthaka amawatcha wilden, kutanthauza anthu a kutchire, ndipo anthu a ku Africa amawatcha neger kapena swarten, akuda. Mukaonetsetsa, miyeso yake si imodzi: gulu lina alitchula ndi chipembedzo, lina ndi kakhalidwe, lina ndi khungu. Munthu wa ku Angola akabatizidwa ankalowa mu Chikhristu, koma mlembi wa khoti ankapitirizabe kulemba mawu aja oti wakuda pambali pa dzina lake.

Panalinso mizere ina yodutsa pakati pa azungu okhaokha. Wina anali wantchito wa kampani, wina mfulu wodzilimira yekha. Wina anali ndi ufulu wa nzika ya mzinda, umene unkamulola kutsegula sitolo, wina analibe. Wina anali wa mpingo wa Reformed, wina wa mpingo wongopirira nawo.

Choncho lamulo lonena kuti wakuda aliyense ndi kapolo, kapena kuti mwana amatsata ukapolo wa mayi ake, silinalembedwe m'nthawi ya Adatchi. Koma tisanamizane. Panalibe mzungu ngakhale mmodzi amene anagulitsidwa kukhala kapolo moyo wake wonse. Wantchito wachizungu ankasaina zaka zowerengeka n'kumasuka. Khungu linkagwira ntchito m'zochita lisanalowe m'buku la malamulo, ndipo mpata umene unalipo unanka nuchepa, monga tafotokozera pa funso la ubatizo ndi la zombo za akapolo.

Eni nthaka anali ndani? Kodi anagulitsadi Manhattan ndi mikanda?

Kumunsi kwa mtsinje kunali Alenape, makamaka olankhula Chimunsee, okhala m'magulu ang'onoang'ono, lililonse ndi mtsogoleri wake. Kumtunda, pafupi ndi linga la Fort Orange pamene lero pali mzinda wa Albany, kunali Amahican ndi Amohawk.

Umboni wa kugula Manhattan ndi kalata imodzi ya Pieter Schagen ya mu Novembala 1626. Imanena kuti chilumbacho chagulidwa pa mtengo wa ma guilder 60 (ndalama za Adatchi), kenaka n'kuyamba kundandalika katundu wa m'chombo, kuphatikizapo zikopa za beaver 7,246. Za mikanda mulibe. Madola 24 amene amatchulidwa kawirikawiri anachita kuwerengera anthu a m'zaka za m'ma 1800.

Chachikulu n'chakuti mbali ziwirizo sizinkamva chimodzimodzi. Kwa ife nkhaniyi si yachilendo: mfumu ikalozera mlendo pomanga ndi polima, mlendoyo n'kupereka kangachepe, palibe amaganiza kuti dziko lagulitsidwa ndipo eni ake asamuke. Alenape anapitiriza kusaka ndi kulima pa malo omwewo, ndipo ankayembekeza kuti mphatso zizibwerezedwa pofuna kusunga ubale. Adatchi ankaona chikalata, iwo ankaona chibale.

Pa malonda, mlendo ndiye ankatsata mwambo wa mwini nthaka. Ndalama zachitsulo zinali zosowa, ndiye aliyense, ndi mpingo womwe, ankalandira sewant, timikanda toyera ndi tofiirira topangidwa kuchokera ku zigoba za nkhono za m'nyanja.

Nanga ubalewo unasokonekera pati?

Unasokonekera pamene alendo anachoka pa zikopa n'kuyamba kufuna minda. Nkhumba ndi ng'ombe za Adatchi zinkalowa m'chimanga cha Alenape chopanda mpanda. Mu 1639 bwanamkubwa Willem Kieft analamula kuti eni nthaka azipereka msonkho wa chimanga, zikopa kapena sewant, ati chifukwa kampani ikuwateteza. Iwo sanapemphe chitetezo chimenecho.

Usiku wa pa 25 Febuluwale 1643 asilikali a Kieft anagwera Alenape amene anathawira kufupi ndi Adatchi pofuna pobisala. Ku Pavonia, kumene lero ndi Jersey City, anapha anthu pafupifupi 80, ambiri ali m'tulo, amayi ndi makanda omwe. Ena pafupifupi 40 anaphedwa usiku womwewo ku Corlears Hook pa Manhattan. David de Vries, mwini munda amene ankadziwana bwino ndi Alenape, anayesa kumuletsa Kieft koma sanamveredwe. Magulu a Alenape anagwirizana, minda ya Adatchi inapsa, ndipo mu 1644 Mngelezi wolembedwa ganyu, John Underhill, anatentha mudzi wathunthu n'kupha anthu oposa 500. Nkhondoyo inatha mu 1645. Ina inabukanso mu 1655, kenaka ku Esopus, kumtunda kwa mtsinje wa Hudson, mu 1659 ndi 1663. Mu 1660 bwanamkubwa Peter Stuyvesant anatumiza ena mwa ogwidwa ku Esopus kukagwira ukapolo ku chilumba cha Curaçao.

Kumtunda zinali zina. Mu 1626 mkulu wa Fort Orange analowerera nkhondo ya Amahican ndi Amohawk, Amohawk n'kumupha. Adatchi anatolapo phunziro. Kuyambira pamenepo ankawanyengerera Amohawk, kuwapatsa mphatso ndi kuwagulitsa mfuti, chifukwa zikopa zinkadzera m'manja mwawo. Onse ankatchedwa wilden, koma ulemu unkapita kwa amene anali ndi mphamvu.

Akapolo oyamba a ku Africa anachokera kuti?

Anafika cha m'ma 1626, ndipo mayina awo amanena okha: Paulo d'Angola, Simon Congo, Anthony Portuguese, Pieter Santomee, Jan Francisco, Manuel wamkulu ndi Manuel wamng'ono. Santomee ndi chilumba cha São Tomé. Ambiri mwa oyambawa Adatchi anachita kulanda pa zombo za Apwitikizi ndi Asipanya panyanja.

Sanali anthu ongotoledwa kumene kumudzi osadziwa za azungu. Mfumu ya ku Kongo, Nzinga a Nkuwu, inabatizidwa mu 1491, zaka zoposa 130 iwo asanafike ku Manhattan. Ambiri ankadziwa Chipwitikizi, ankadziwa ubatizo ndi udindo wa mboni ya pa ubatizo, ankadziwanso kuti chikalata ndi khoti zimatha kumuthandiza munthu. Katswiri wa mbiri Ira Berlin anawatcha makiriyo a Atlantic, kutanthauza anthu oumbidwa ndi madoko a nyanja imeneyo. Nzeru zimenezi ndi zimene anagwiritsa ntchito pomenyera ufulu.

Mwini wawo anali kampani. Ankadula mitengo, kuotcha laimu, kumanga linga la Fort Amsterdam, kukonza misewu ndi kulima m'minda ya kampani. Mpanda wa mu 1653, umene unasiyira dzina msewu wa Wall Street, nawonso anagwirapo.

Ufulu wa theka chinali chiyani?

Pa 25 Febuluwale 1644, nkhondo ya Kieft ili mkati, amuna 11 amene anali atatumikira kampani zaka 18 kapena 19 anapatsidwa ufulu pamodzi ndi akazi awo. Iwo ndiwo anapempha, ndipo anasankha bwino nthawi: mzinda unali ndi njala, asilikali anali ochepa, kampani inkawafuna.

Koma ufuluwo unali ndi zingwe zitatu. Mwamuna aliyense ankayenera kupereka chaka ndi chaka miyeso 30 ya schepel ya chimanga, tirigu, nsawawa kapena nyemba, zimene kwathu kuno ndi matumba oposa 10 a makilogalamu 50, kuwonjezapo nkhumba imodzi yonenepa ya ma guilder 20. Akalephera, abwerere ku ukapolo. Chachiwiri, kampani ikamuitana ayenera kupita, ngakhale kuti tsopano molipidwa. Chachitatu ndicho chinkaboola mtima: ana awo, obadwa kale ndi odzabadwa, akhalebe akapolo a kampani.

Kampani inapindula mbali zonse. Inasiya kudyetsa anthu amene anayamba kukalamba, inayamba kulandira chakudya kuchokera kwa iwo, ndipo inasunga ana. Minda imene anapatsidwa, kuyambira mu 1643, inali kumpoto kwa mzinda, cha kumene lero kuli Greenwich Village ndi Washington Square. Kumeneko ndi kumene adani ankadzera. Mabanja akudawo anaikidwa pakati pa mikondo ndi nyumba za azungu.

Ngakhale zinali choncho, iwo anasandutsa malowo mudzi. Pamene kholo lamwalira, anzake ankatenga mwanayo. Mu 1661 Dorothy Angola ndi mwamuna wake Emanuel Pietersen anapempha kuti mnyamata Anthony, amene anamulera kuyambira ali khanda makolo ake atamwalira, alembedwe kuti ndi mfulu, ndipo pempholo linavomerezedwa. Ana a Pieter Santomee anapita patali: Lucas ankadziwika ngati sing'anga, Solomon anakhala mwini minda.

Azungu ena a m'derali anaona kuti nkhani ya anayi ndi yokhota. M'dandaulo limene Adriaen van der Donck ndi anzake anakatula ku boma la Netherlands mu 1649, anadzudzula kampani posunga mu ukapolo ana a amayi Achikhristu amene ndi mfulu.

Kodi kapolo ankatha kusuma kukhoti?

Inde. Ankatha kusuma, kuchitira umboni ngakhale pa mlandu wa mzungu, kulandira malipiro pa ntchito ya panthawi yake ndi kukhala ndi ziweto. Mu 1638 Anthony Portuguese, akadali kapolo, anasumira Anthony Jansen van Salee chifukwa galu wake anavulaza nkhumba yake, ndipo khoti linamumvera.

Mlandu wotchuka ndi wa mu Januwale 1641. Kapolo wa kampani, Jan Premero, anaphedwa, ndipo gulu la akapolo anzake linavomera pamodzi kuti lachita zimenezo, popanda kuloza amene anamenya nkhonya yomaliza. Kuwanyonga onse kukanakhala kutaya chuma cha kampani. Khoti linalamula kuti achite maere, maerewo n'kugwera Manuel de Gerrit de Reus. Tsiku lonyongedwa anamumanga zingwe ziwiri zolimba m'khosi, wonyonga anachotsa makwerero, zingwe zonse ziwiri zinaduka. Khamu limene linabwera kudzaonerera linayamba kufuula kuti amukhululukire, ndipo khoti linamukhululukira iye ndi anzake onse. Patapita zaka zitatu dzina lake linali pa mndandanda wa amuna 11 aja, ndipo analandira munda.

Nanga kutchalitchi ankaloledwa?

Poyamba khomo linali lotseguka ndithu. Mbusa woyamba, Jonas Michaelius, amene anafika mu 1628, ankalemba monyoza za amayi a ku Angola ndi za eni nthaka omwe. Koma womutsatira, Everardus Bogardus, anali atakhalako ku gombe la Africa kumene lero kuli Ghana, ndipo ankabatiza ndi kukwatitsa anthu akuda. Pa 5 Meyi 1641 Anthony van Angola ndi Lucie d'Angola anamanga ukwati mu mpingo wa Reformed, mayina awo n'kulembedwa m'buku limodzi ndi a azungu. Pakati pa 1639 ndi 1655 ana akuda oposa 50 anabatizidwa.

Itadutsa 1655 maubatizowo anangoti zii. Chifukwa chake anachilemba yekha mbusa Henricus Selijns mu 1664 polembera akuluakulu a mpingo ku Amsterdam: makolo akuda akabwera ndi ana, abusa ankakana, ati makolowo alibe chidziwitso chokwanira ndipo chimene akufuna n'kupulumutsa ana awo ku ukapolo. Mbusayo sananame pa mfundo yachiwiriyo. Ndi kholo liti likanasiya kugogoda pa khomo limene likanamasula mwana wake? Koma taonani chaka chimene khomolo linatsekedwa, kenaka muwerenge funso la zombo za akapolo.

Kwa eni nthaka mpingo sunachite zambiri. Mbusa Johannes Megapolensis anaphunzirako Chimohawk atafika mu 1642, koma otembenuka anali owerengeka.

Kodi anthu osiyana mitundu ankakwatirana?

Lamulo la mu 1638 linaletsa chigololo ndi achikunja, akuda kapena anthu ena, koma silinali lamulo loletsa ukwati, ndipo mabanja osakanikirana analipo.

Anthony Jansen van Salee, uja wa galu, ndi chitsanzo chovuta kuchiika m'bokosi. Bambo ake anali Jan Janszoon wa ku Haarlem, Mdatchi wolanda zombo amene analowa Chisilamu n'kukhazikika ku Salé, ku Morocco. Anthu a mu New Amsterdam ankamutcha Mturk. Anakwatira mkazi wachizungu, Grietje Reyniers, ndipo banjali linkangokhalira kukhoti pa milandu yotukwanizana, ina ya mbusa Bogardus yemwe. Mu 1639 anawathamangitsa mumzinda. Kumene anapita, ku Long Island, kampani yomweyo inamupatsa malo aakulu, ndipo anafa ali munthu wolemera. Ana ake aakazi anayi anakwatiwa ndi azungu, zidzukulu n'kumawerengedwa azungu.

Kumtunda, Cornelis van Slyck anabereka ana ndi mkazi wa Chimohawk. Mwana wawo Hilletie anakulira kwa amayi ake, kenaka anasamukira kwa Adatchi ku Schenectady, anabatizidwa, n'kukwatiwa ndi Pieter van Olinda. Anakhala womasulira wa boma, ndipo ankathandiza abusa kuika mapemphero m'Chimohawk. Kwa Amohawk mwana amatsata mtundu wa mayi, choncho kwa iwo anali wawo. Kwa Adatchi ubatizo ndi ukwati zinamulowetsa kwawo. Anthu otere ankafunidwa ndi mbali zonse pa nthawi ya zokambirana, ndipo nthawi zina ankakayikiridwa ndi mbali zonse.

Timamva kuti Adatchi ankalolera zipembedzo zonse. N'zoona?

Lamulo linkati munthu akhulupirire zimene akufuna mumtima ndi m'nyumba mwake, koma mapemphero a poyera ndi a mpingo wa Reformed wokha. Stuyvesant, amene analamulira kuyambira 1647 mpaka 1664, anali mwana wa mbusa ndipo ankalimanga lamulolo kwambiri. Alutera ataitanitsa mbusa wawo mu 1657, anamubweza.

Mu Seputembala 1654 munafika Ayuda 23 othawa ku Recife, ku Brazil, Apwitikizi atalanda mzindawo kwa Adatchi. Stuyvesant analembera kampani kuti awachotse. Yankho la mu 1655 linakana, ndipo zifukwa zake sizinali za chifundo chokha: Ayuda anataya zambiri ku Brazil ali mbali ya Adatchi, ndiponso Ayuda a ku Amsterdam anali ndi masheya m'kampani. Anawalola kukhala, bola osauka awo asakhale mtolo wa ena, koma sunagoge sanaloledwe. Asser Levy anakana kulipira msonkho wapadera umene Ayuda ankapereka m'malo molondera mzinda, anaumirira kulondera ngati wina aliyense, ndipo mu 1657 anapeza ufulu wa nzika. Atalandira chilolezo chopha nyama mu 1660, anamulola kuti nkhumba asamaphe.

Chikalata chotchuka cha Flushing cha pa 27 Disembala 1657, chokana kuthamangitsa anthu a mpingo wa Quaker, anasaina ndi Angelezi pafupifupi 30 okhala pansi pa Adatchi, ndipo atsogoleri awo analangidwa. John Bowne anamangidwa mu 1662 chifukwa cholola mapemphero m'nyumba mwake, anakadandaula ku Amsterdam, ndipo mu 1663 kampani inauza Stuyvesant kuti azitsinzinako, poopa kuti dera lingasowe anthu.

Ndiye tinene kuti ukapolo wa Adatchi unali wofewa? Nanga zombo za akapolo zija?

Ayi. Kampani yomweyo imene inapereka ufulu wa theka kwa amuna 11 ndi imene inalanda Curaçao mu 1634, linga la Elmina mu 1637 ndi Luanda mu 1641, n'kumatumiza anthu masauzande ku minda ya nzimbe ku Brazil ndi ku Caribbean. Mpata wa ku Manhattan unalipo chifukwa akapolo anali ochepa, mwini wawo anali mmodzi, ndipo malamulo anali asanaumbidwe.

Brazil itatayika mu 1654, maso a kampani anatembenukira kumpoto. Mu 1655 chombo cha Witte Paert chinafika ndi anthu pafupifupi 300 kuchokera ku Africa mwachindunji, ndipo anagulitsidwa pa msika. Chimenecho ndicho chaka chimene maubatizo anaima. Alimi ndi amalonda wamba anayamba kugula akapolo, Stuyvesant yekha anali nawo pafupifupi 40 pa munda wake. Ofika kumenewa sankadziwa Chipwitikizi kapena khoti, ndipo ankamwazikana m'makomo a anthu. Mu Ogasiti 1664 chombo cha Gideon chinatsitsa anthu 290, amuna 153 ndi akazi 137, patangotsala masabata ochepa kuti Angelezi afike. Stuyvesant podzikanira mlandu wogonja anatchulapo kuti anthu amenewa anamaliza chakudya cha mumzinda.

Pa nthawiyo akatswiri amawerengera kuti mu New Amsterdam munali akapolo pafupifupi 300 ndi akuda amfulu pafupifupi 75.

Chinasintha n'chiyani Angelezi atalanda?

Kwa Adatchi enieni, pang'ono. Mgwirizano wogonja unawasiyira katundu, mpingo ndi mwambo wawo wa chuma cha masiye. Amuna a ufulu wa theka anaona patali: zombo za Angelezi zili padoko, asanu ndi atatu mwa iwo anapempha ufulu wathunthu, ndipo anapatsidwa ufuluwo ulamuliro usanasinthe manja. Adatchi analandanso derali mu 1673, koma analibweza mu 1674.

Kenaka malamulo anabwera motsatizana. La mu 1702 linapatsa mbuye mphamvu yolanga kapolo mmene wafunira, kupatula kupha kapena kudula chiwalo, ndipo linaletsa kapolo kuchitira umboni pa mlandu wa mfulu. La mu 1706 linanena poyera kuti ubatizo sumasula munthu ndipo mwana amatsata mayi ake. Akapolo ataukira mu 1712, lamulo linaletsa womasulidwa kukhala ndi nyumba kapena malo, ndipo mbuye wofuna kumasula kapolo ankayenera kuika chikole cha mapaundi 200. Minda ija ya kumpoto kwa mzinda inapita m'manja mwa azungu umodzi ndi umodzi. Mabanja ena, monga a De Vries ndi a Manuel, anali atawoloka kale mtsinje n'kugula nawo malo ku Tappan m'zaka za m'ma 1680.

Tisaiwale kuti ambiri mwa ambuye amene anapindula ndi malamulo atsopanowa anali zidzukulu za Adatchi omwe aja. Manda a anthu akuda amene anapezeka mu 1991 pokumba maziko a nyumba ya boma ku Manhattan, mmene anafukula mafupa a anthu 419, ndi a nthawi ya Angelezi imeneyi.

Kodi pali ubale ndi mpingo wa Adatchi wa kwathu kuno? Nanga akapolowo ena anali a kuno?

Mpingo ndi wa muzu umodzi, koma nthambi zake n'zosiyana. Ku America kunapita West India Company. Ku Cape, kumene Jan van Riebeeck anafika mu 1652, kunapita East India Company. Nthambi ya ku Cape ndi imene inatumiza A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok kukatsegula Mvera mu 1889, kumene kunachokera Sinodi ya Nkhoma, ndipo Adatchi a ku Orange Free State anatsegula Magwero ku Zambia mu 1899. Nthambi ya ku New Amsterdam lero ndi Reformed Church in America.

Akapolo a m'nthawi ya Adatchi ambiri anali a ku Kongo ndi Angola, olankhula Chikongo ndi Chimbundu, zilankhulo za banja limodzi ndi chathu, ena a ku West Africa. A kumbali yathu ya nyanja ya Indian anayamba kufika ku New York m'nthawi ya Angelezi, pamene amalonda ngati Frederick Philipse ankatumiza zombo ku Madagascar chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Ukapolo wa ku Nkhotakota wa m'nthawi ya Jumbe ndi nkhani ina, ya m'zaka za m'ma 1800, yolowera ku Kilwa ndi Zanzibar.

Chidatchi chinatha liti kumeneko, ndipo ankachilankhula ndani?

Chinakhalitsa kuposa ulamuliro wake, makamaka m'midzi ya m'chigwa cha Hudson ndi kumpoto kwa New Jersey. Martin Van Buren, wobadwira ku Kinderhook mu 1782, amene anakhala pulezidenti wa United States mu 1837, anayamba kulankhula Chidatchi asanadziwe Chingelezi.

Koma Chidatchi sichinali cha azungu okha. Mtsikana Isabella, wobadwira mu ukapolo ku Ulster County cha m'ma 1797, ankalankhula Chidatchi chokha mpaka pamene anagulitsidwa ali ndi zaka pafupifupi 9 ku banja lolankhula Chingelezi, limene linkamukwapula chifukwa chosamva zimene akumutuma. Ameneyo ndiye anadzatchedwa Sojourner Truth, mlaliki wotchuka wolimbana ndi ukapolo.

Chikondwerero cha Pentekoste, chimene Adatchi amati Pinkster, nachonso chinasintha eni ake. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 chinali sabata imene akapolo ankaloledwa kuyendera abale awo, kugulitsa timalonda ndi kuvina ng'oma. Ku Albany ankasonkhana pa phiri, motsogozedwa ndi mkulu wina wobadwira ku Africa amene ankamutcha King Charles. Khonsolo ya mzindawo inaletsa chikondwererocho mu 1811. Ukapolo m'chigawo cha New York unatha pa 4 Julaye 1827.